Kuphunzira Kayimbidwe ka Bing Crosby, Frank Sinatra ndi Nat King Cole

Chaka cha 1925 chisanafike, woyimba akafuna kujambula chimbale ankaima kutsogolo kwa chilipenga chachikulu n'kukweza mawu. Mphamvu ya mawu akewo ndi imene inkasuntha kasingano kolemba nyimbo pa phula, choncho wa mawu ang'onoang'ono sankamveka bwino. M'maholo a zisudzo ku New York zinali chimodzimodzi: anthu ngati Al Jolson ankatchuka chifukwa mawu awo ankafika mpaka ku mpando womaliza popanda chokuzira mawu. M'chaka chimenecho makampani a Victor ndi Columbia anayamba kujambula ndi maikolofoni yamagetsi, wailesi nayo inali itayamba kulowa m'nyumba za anthu ku America, ndipo zinthu zinatembenuka. Munthu ankatha tsopano kuyimba ndi mawu omwe amalankhulira ndi mnzake wokhala naye pafupi, anthu miyandamiyanda n'kumumva. Oyimba a mtundu umenewu ndiwo anatchedwa ma crooner.

Oyamba anali anthu ngati Gene Austin, Rudy Vallée ndi Russ Columbo. Bing Crosby, amene anayamba pulogalamu yakeyake pa wailesi ya CBS mu 1931, ndiye analowetsamo kagundidwe ka jazi komwe anatengera kwa katswiri wa lipenga Louis Armstrong. Si onse anakondwera nazo: mu 1932 Kadinala William O'Connell wa ku Boston anadzudzula kayimbidweka poyera kuti n'konyozeka. Pambuyo pake kunabwera Frank Sinatra, Nat King Cole, Billy Eckstine, Mel Tormé, Dean Martin, Tony Bennett, Chet Baker ndi Johnny Hartman. Amayi monga Peggy Lee ndi Julie London ankatsata njira yomweyi ngakhale kuti dzinalo silinkawagwera kawirikawiri.

Mukawamvetsera motsatizana muona kuti mawu awo safanana m'pang'ono pomwe. Eckstine ndi wolemera ndi wonjenjemera, Baker ndi wopyapyala ngati mnyamata, Cole ali ndi kamchenga pang'ono pakhosi. Chofanana ndi kachitidwe: mmene amatchulira mawu a nyimbo, mmene amaseweretsera nthawi, mmene amasungira mpweya, ndi mmene amagwiritsira ntchito maiki. Zinayi zimenezi zimaphunzirika. Mtundu wa mawu suphunzirika, ndipo amene amayambira pa kutsanzira liwu la Sinatra amathera pa kufinya khosi.

Kusankha kiyi

Ambiri mwa oyimbawa anali a baritoni, mawu a pakati pa tena ndi besi, ndipo nyimbo yonse ankaiyika pafupi ndi pamene amalankhulira. Pezani malo anu motere: khalani pa kiyibodi, nenani chiganizo wamba monga mmene mumalankhulira masiku onse, kokani phatikizo lomaliza, kenako fufuzani notiyo. Amuna ambiri amapezeka chapafupi ndi A2 kapena B2, amayi chapafupi ndi G3 kapena A3, powerengera kuti C yapakati pa kiyibodi ndi C4. Noti yotsikitsitsa ya nyimbo isatsike kwambiri kupitirira pamenepo. Yokwereratu muiyese motsitsa mawu: ngati simungaifike popanda kufuula kapena kutukula chibwano, tsitsani kiyi ndi theka la sitepe (kusunthira pa noti yoyandikana nayo pa kiyibodi) kapena sitepe imodzi. Kwa baritoni amene akuyamba kumene, ndi bwino noti yapamwamba ithere cha pa D4 kapena E4. Kiyi imene ili pa chimbale inasankhidwira munthu wina. Palibe lamulo lokuti muitsate.

Cholakwika chofala apa ndi kukankhira kholingo pansi ndi tsinde la lilime pofuna kumveka wa mawu akuluakulu. Mawu amachita mdima, zonena sizimveka, noti imatsika pang'ono, ndipo pakatha nyimbo ziwiri khosi latopa. Ikani chala chachikulu pa mnofu wofewa wa kunsi kwa chibwano pamene mukuyimba. Ukauma, lilime likugwira ntchito yosakhala yake. Kulemera kwa mawu kumene mumamva pa zimbale zakale, gawo lalikulu kumachokera ku maiki, monga tionere kutsogoloku.

Mawu a nyimbo

Musanayimbe noti ngakhale imodzi, lembani mawu a nyimbo papepala ngati kalata, osati m'mizere ya ndakatulo. Ikani mipumiro pamene ganizo lapumira. M'chiganizo chilichonse lembani mzere kunsi kwa liwu limodzi lokha limene lanyamula tanthauzo. Kenako werengani mokweza ngati mukuuza munthu mmodzi amene wakhala nanu, mpaka zitasiya kumveka ngati zoloweza. Popumira mpweya pazikhala pa mipumiro imeneyi, osati pamene mzere wa nyimbo wathera. Oyimba ambiri amadula chiganizo pakati chifukwa choti nyimbo yapereka kampata, ndipo womvera amataya nkhani.

Nyimbozi pafupifupi zonse ndi za Chingerezi, ndipo wokulira m'Chichewa amakumana ndi misampha yodziwika. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, pamene mawu ambiri a Chingerezi amathera pa lembo lopanda liwu. Zotsatira zake, night imatuluka ngati naiti, love ngati lavu, ndipo kaphatikizo koonjezerako kamawononga kagundidwe. Mankhwala ake: kokani lembo la liwu mpaka noti ithe, lembo lomalizalo muliike mopepuka pa chiyambi cha liwu lotsatira, ndipo mawu asatulukenso pambuyo pake. M'mawu ngati night ndi day muli malembo a liwu awiri olumikizana; khalani pa loyambalo nthawi yonse ya noti, lachiwirilo lingodutsa pomaliza penipeni. Mukafulumira kulowa pa i, noti imafinyika n'kumveka m'mphuno. Chinanso, ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene tonight ndi again zimalemera pa phatikizo lomaliza. Za kusokoneza l ndi r mukuzidziwa kale. Zipatseni mphindi zake tsiku lililonse, chifukwa maiki imene ili pafupi ndi mlomo siibisa kanthu.

Koma tilinso ndi mwayi. M'Chichewa m amaima yekha ngati phatikizo, monga mu m'mawa ndi mtima, choncho kuyimba noti milomo itatsekeka si kwachilendo kwa ife. Crosby ndi Sinatra ankachita zimenezi kwambiri: liwu likathera pa m, n, l kapena ng, ankatseka msanga n'kusiya noti ikulirabe pa lembolo. Woyimba opera amapewa zimenezi chifukwa m'holo yaikulu sizimveka. Pa maiki ndi pamene pamakhala kukoma.

Nthawi

Apa ndi pamene pamasiyanira crooner wa jazi ndi munthu wongoyimba mofatsa. Nyimbo zambiri za nthawi imeneyo, za olemba ngati Cole Porter, Irving Berlin ndi George Gershwin, zili ndi ma bar 32, bar iliyonse kugunda kanayi. Zimagawidwa panayi, ma bar 8 gawo lililonse: gawo loyamba, kubwereza kwake, gawo losiyana limene oyimba amati bridge, ndi kubwerera ku loyamba. Pa liwiro la kugunda 120 pa mphindi, kuzungulira kamodzi kumatenga masekondi 64. Muyenera kudziwa pamene muli m'mapu amenewa nthawi zonse.

Mu jazi chala chimathetheka pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, osati koyamba ndi kwachitatu. Ikani metronome ya pa foni, pulogalamu yogunda mofanana posunga nthawi, pa kugunda 60 pa mphindi, ndipo kulira kwake muziwerenge ngati 2 ndi 4; koyamba ndi kwachitatu muzimva nokha m'mutu. Mukatero mukuyimba pa liwiro la 120. Masiku oyamba mutu umatembenuza n'kuyamba kumva kuliraku ngati 1 ndi 3. Imani, werengani mokweza, yambiraninso. Kugunda kulikonse kumagawika mosalingana, noti yoyamba yotalikirapo, yachiwiri yaifupi, ngati mwagawa patatu n'kuphatikiza magawo awiri oyamba. Nyimbo ikamathamanga kusiyanaku kumachepa. Ongoyamba amakukokomeza mpaka nyimbo imadumphadumpha. Chithandizo chake ndi kulumikiza manoti mosadukiza n'kulemeretsa pang'ono noti yaifupiyo.

Kenako pali kuchedwa mwadala. Billie Holiday ndiye anali katswiri pa izi, ndipo Sinatra ankanena poyera kuti anaphunzira zambiri kwa iye. Woyimba amalowa mochedwa pang'ono, mawu amayenda ngati akulankhula, koma bandi siimudikira. Phunzirani m'masitepe atatu. Poyamba yimbani nyimbo monga inalembedwera, noti iliyonse pamalo pake, mpaka mutatha kuiyimba popanda chida. Kachiwiri, yambani chiganizo theka la kugunda mochedwa, koma liwu lomaliza lifike pa nthawi yake. Kachitatu, chedwani kugunda kwathunthu, n'kupanikiza timawu tosafunika kwambiri kuti liwu lija munalilemba mzere lipeze malo otambasuka. Malire ake ndi ma chord, magulu a manoti amene zida zimaliza pamodzi pokuperekezani. Mukachedwa mopitirira, noti yanu imagwera pa chord yotsatira imene siyigwirizana nayo, ndipo zimamveka ngati mwaphonya. Khutu likhale pa besi, chifukwa ndiyo imaonetsa poyera pamene chord yasinthira. Munthu amene amachedwa chiganizo chilichonse mofanana sakuseweretsa nthawi, akungotsalira, ndipo woyimba ng'oma amazindikira msanga.

Amene anakulira m'kwaya amavutika pang'ono apa, popeza anaphunzitsidwa kulowa pamodzi ndi anzawo ndendende, kutsegula kukamwa kwambiri ndi kuponya mawu kumapeto kwa tchalitchi. Khutu lawo la manoti ndi chuma, koma zizolowezi zitatuzi ziyenera kumasulidwa.

Mpweya

Ma bar anayi a nyimbo yodekha pa liwiro la 70 amatenga pafupifupi masekondi 14, ndipo nthawi zambiri ganizo limodzi limafuna mpweya umodzi. Sinatra anayimba m'bandi ya Tommy Dorsey kuyambira 1940 mpaka 1942, ndipo ankaonetsetsa mmene Dorsey ankaimbira thiromboni mizere italiitali osaoneka akupuma. Dorsey ankabera mpweya pang'ono pakona ya mlomo. Sinatra ankasambiranso pansi pa madzi pofuna kuzolowera kusunga mpweya. Kusambira n'kwabwino, koma chinsinsi sichili pa kukula kwa mapapo. Chili pa kutulutsa mpweya pang'onopang'ono mofanana.

Ikani manja m'mbali, pa nthiti zam'munsi. Kokani mpweya ndi pakamwa mwakachetechete kwa masekondi awiri, nthiti zitambasukire m'mbali, mapewa asakwere. Musadzaze mpaka kukhosi. Mpweya wochuluka kwambiri umakankha kuti utuluke ndipo khosi limautsekera mofinya. Tulutsani ndi sss wosasintha mphamvu kwa masekondi 20, nthiti zisagwe msanga. Zikakhazikika pitani pa 30. Kenako sinthani kukhala zzz pa noti imodzi, kenako u. Kuyimba motsitsa kuli ngati kusenza ndowa yodzaza madzi: woonera amaona kuyenda kofatsa, koma msana ndi chiuno zili pa ntchito.

Cholakwika chachikulu pa kayimbidwe konseka ndi kuganiza kuti kutsitsa mawu ndi kunong'ona. Ponong'ona, timinofu tiwiri ta m'kholingo totulutsa mawu sititsekana bwino, mpweya umathawa, chiganizo chimatha mpweya pakati, noti imagwa kumapeto, ndipo khosi limauma. Mvetserani Nat King Cole bwinobwino: mawu ndi ofewa, koma pakati pake pali ulusi wolimba wosaduka. Yesani poika chikhatho masentimita asanu kutsogolo kwa mlomo mukukoka noti. Muzimva kutentha kokha. Mukamva kamphepo, mpweya ukutayika. Zothandiza ndi ziwiri. Choyamba, yambani noti ndi mmm kapena nnn n'kutsegula kukhala a osasintha kanthu pakhosi. Chachiwiri, tengani kapaipi komwera zakumwa, kamizeni masentimita awiri kapena atatu m'kapu ya madzi, n'kumayimbiramo mokwera ndi motsika kwa mphindi zitatu. Thovu lizituluka mofanana. Zikatheka izi, tengani noti imodzi yapakati, yambani motsitsa, kwezani powerenga mpaka 8, tsitsaninso powerenga mpaka 8. Kutsitsako ndiye kovuta, ndipo ndi kumene kumafunika pomaliza chiganizo.

Kunjenjemera kwa mawu, kumene oyimba amati vibrato, kumabwera kokha mpweya ukakhazikika ndipo khosi likamasuka. Kwachibadwa kumagunda kasanu mpaka kasanu ndi kawiri pa sekondi. Ma crooner ambiri amayamba noti yaitali mowongoka, kunjenjemerako n'kulowa chakumapeto. Musakupange ndi kugwedeza nsagwada kapena kupopa mimba. Kumatuluka kochedwa ndi kotambalala. Ngati sikunabwere, siyani noti yowongoka. Chet Baker ankayimba pafupifupi popanda kunjenjemera konse ndipo palibe chinasowa. Za kutsetserekera ku noti kuchokera pansi, monga ankachitira Crosby ndi Dean Martin, muzichita kamodzi kapena kawiri pa ma bar 8. Mukachita pa noti iliyonse mumamveka ngati mwalawa, ndiponso n'chizindikiro choti simukudziwa bwino pamene notiyo ili.

Maiki

Kwa crooner maiki ndi chida choyimbira, ndipo iyenera kuphunziridwa monga gitala. M'masitudiyo a wailesi a zaka za m'ma 1930 munali maiki za riboni monga RCA 44. Pa zimbale za Sinatra za ku Capitol Records m'zaka za m'ma 1950 ankagwiritsa ntchito kwambiri Neumann U47. Inu mwina mukumana ndi Shure SM58 kapena zofanana nayo, ndipo n'zokwanira. Maiki zonsezi zimamva kwambiri mbali imodzi kapena ziwiri, ndipo zili ndi khalidwe limodzi: mukaziyandikira zimakuza mawu apansi. Uku ndiye kulemera kuja anthu amakufuna pofinya khosi. Mumakupeza kwaulere pongosendera pafupi.

Pa manoti otsika ndi ofewa, mlomo ukhale masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pa maiki. Pa mawu apakati, 8 mpaka 10. Pa noti yokwera ndi yamphamvu, 20 kapena 30. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu ofika pa maiki imatsika ndi ma decibel (muyeso wa kukwera kwa mawu) pafupifupi 6, choncho kusuntha pang'ono kumasintha zambiri. Sunthani noti isanafike, osati itatuluka kale, ndipo sunthani mosalala. Ambiri amakokera maiki kutali mwadzidzidzi mpaka pamimba, noti yofunika kwambiri m'nyimbo n'kusowa. Kumbukiraninso kuti mukatalikira, mawu apansi aja amachoka, liwu n'kupyapyala. Nthawi zina ndi bwino kungotembenuza mutu pang'ono m'malo motalikira.

Malembo p ndi b amaponya kamphepo kamene kamaphulika m'masipika. Ikani maiki kunsi pang'ono kwa mlomo kapena chapambali, iloze pakamwa koma mpweya uzidutsa pamwamba pake. Gwirani pa thupi lake, osati pa mutu. Mukaphimba mutu wa maiki ndi dzanja mumatseka timabowo timene timaithandiza kusamva za kumbuyo, mawu amamveka ngati ali m'chitini, ndipo masipika amayamba kulira. Ngati mawu akuchita phokoso lolemera mopitirira, pemphani woyendetsa makina adule mawu apansi cha pa 100 Hz, ndipo eko ikhale yochepa. Yochuluka imameza malembo omaliza aja mwawavutikira. Chofunika kuposa zonse pa siteji ndi kudzimva. Woyimba amene sakudzimva amakweza mawu mosadziwa, ndipo pofika nyimbo yachitatu kayimbidwe konse kapita. Ngati gitala ndi ng'oma zakwera, pemphani zitsike, musapikisane nazo. Woyimba ng'oma agwiritse ntchito maburashi m'malo mwa timitengo.

Poyeserera kunyumba, ndi bwino kukhala ndi maiki yeniyeni ndi mahedifoni. Foni ndi yabwino pojambula kuti mumve nthawi ndi manoti, koma mapulogalamu ambiri a pa foni amalinganiza okha kukwera ndi kutsika kwa mawu, choncho sangakuuzeni zoona za mtunda.

Kayeseleredwe

Mphindi 30 mpaka 40 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Mphindi khumi zoyamba zikhale za kapaipi, mmm ndi sss. Zotsalazo zipite pa nyimbo imodzi, ndipo mukhale nayo milungu iwiri. Imvetsereni kwa oyimba atatu osiyana; popeza nyimbozi zinkayimbidwa ndi aliyense, n'zosavuta kuwapeza. Papepala lanu lija lembani pamene aliyense wapumira, pamene wachedwa, ndi liwu limene walilemeretsa. Sankhani ma bar 8 a mmodzi wa iwo, chepetsani liwiro pa YouTube kufika 0.75, ndipo tsanzirani nthawi ndi mpweya wake ndendende, koma ndi liwu lanu. Mukatha, chitaninso chimodzimodzi ndi woyimba wachiwiri. Kutsanzira munthu mmodzi yekha kumabala chithunzi chake. Atatu amakukakamizani kusankha. Pa nyimbo zodekha, chimbale cha Sinatra cha 1955, In the Wee Small Hours, ndi chimene Johnny Hartman anajambula ndi woyimba saxophone John Coltrane mu 1963 ndi masukulu okwanira. Pa kagundidwe, mvetserani Cole wa m'zaka za m'ma 1940, pamene ankayimba akudziyimbira yekha piyano m'gulu la anthu atatu.

Zithunzi zakale zimaonetsa oyimbawa ali ndi ndudu m'manja, ndipo ena amaganiza kuti utsi ndiwo unkakometsa mawu. Cole, amene ankasuta kwambiri, anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 1965 ali ndi zaka 45. Imwani madzi tsiku lonse, osati pa siteji pokha, ndipo mawu akasasa kupitirira milungu iwiri kapena itatu kaonaneni ndi dokotala wa khutu, mphuno ndi mmero. Kuyimba kukamapweteka, imani.

Tsiku loyimba ndi bandi, woyimba piyano muuzeni zinthu zinayi musanayambe: kiyi, liwiro, poyambira ndi pothera. Poyambira pofala ndi ma bar anayi kapena ma bar 8 omaliza a nyimbo. Pothera pofala ndi kubwereza mzere womaliza katatu, kapena kuchepetsa liwiro n'kukoka noti yomaliza. Musanawerengere bandi, yimbani m'mutu mzere umene uli ndi mawu ochuluka kwambiri m'nyimboyo, chifukwa ndiwo umaonetsa liwiro loyenera. Mantha amathamangitsa, ndipo mukawerenga mothamanga mukhala nazo mpaka nyimbo ithe. Ulendo woyamba yimbani nyimboyo pafupi ndi mmene inalembedwera kuti omvera aidziwe, zosinthasintha zibwere ulendo wachiwiri. Zida zikatenga gawo lawo, gwirizanani kale ngati mudzalowerenso pachiyambi kapena pa bridge, ndipo nthawi yonse imene a lipenga kapena a piyano akuyimba, inu muziyimba mawu a nyimboyo chamumtima, bar ndi bar. Mukasochera ndithu, musalowe mongoganizira: yang'anani wa piyano, dikirani gawo lotsatira la ma bar 8, iye akugwedezerani mutu polowera.